Khadi lowerengera insulin wa pa chakudya: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Izi ndi zolemba za gulu lomwe likukonza khadi lothandiza anthu odwala shuga wa mtundu woyamba kudziwa mayunitsi a insulin oti abaye asanadye, potengera magalamu a kabohaidireti (gawo la chakudya lomwe limasanduka shuga m'magazi) amene ali m'mbale. M'gululi muli anamwino, madokotala ndi odziwa za kadyedwe. Manambala onse ali munowa ndi poyambira chabe. Mlingo wa munthu amaukhazikitsa pamodzi ndi amene amamuona ku kiliniki, buku lake la shuga lili patebulo.

Sabata 1

Tayamba ndi kugwirizana amene khadili likumuyenera. Njira imeneyi imagwira kwa munthu amene amabaya mitundu iwiri ya insulin padera, wokhalitsa wogwirizira thupi usana ndi usiku, ndi wachangu wobaya pa chakudya. Wachanguyo ndi amene amakwera kapena kutsika malinga ndi mbale.

Amene amabaya insulin wosakaniza kale, monga Mixtard 30, tawachotsa pa khadili. M'botolo lawo muli magawo 30 pa 100 a wachangu ndi magawo 70 a wokhalitsa, ndipo sungawonjeze mmodzi n'kusiya mnzake. Munthu akati madzulo ano nsima yachuluka, ndiwonjeze mayunitsi 6, amakhala wawonjeza wachangu wosakwana mayunitsi 2 ndi wokhalitsa woposa mayunitsi 4, ndipo wokhalitsayo adzamugwetsa shuga pakati pa usiku ali mtulo. Amenewa nawonso aphunzire kuwerengera, koma cholinga chawo n'choti chakudya chizifanana tsiku ndi tsiku komanso chizibwera pa nthawi yake. Tiwakonzera pepala lawolawo.

Mabuku ambiri ophunzitsa njirayi analembedwa poganizira insulin wachangu kwambiri monga NovoRapid, Humalog ndi Apidra, amene amayamba kugwira pakatha mphindi 10 mpaka 20 n'kutha mphamvu pakatha maola 3 mpaka 5. Wachangu amene anthu athu ambiri ali naye ndi wotchedwa soluble, monga Actrapid. Uyu amayamba pakatha mphindi 30, amafika pachimake pakati pa maola 2 ndi 4, ndipo amatha kukhala m'thupi mpaka maola 8. Kusiyana kumeneku kukhudza pafupifupi mzere uliwonse wa khadi, choncho khadi loyamba likhala la soluble.

Tasankhanso kulemba magalamu enieni. Maphunziro a DAFNE a ku Britain, ophunzitsa odwala shuga kusintha mlingo wa insulin malinga ndi chakudya, amawerengera magalamu 10 ngati gawo limodzi, pomwe ku America gawo limodzi ndi magalamu 15. Wodwala akapeza mapepala a mbali zonse ziwiri pa intaneti, mawu oti “gawo” amusokoneza.

Sabata 2

Sabata yonse yathera pa nsima, ndipo m'pomveka, chifukwa kwa anthu ambiri magalamu ochuluka a tsiku amachokera pamenepo.

Mtanda si muyezo. Chipande cha nyumba ino si chipande cha nyumba ina, ndipo wophika mmodzi yemweyo amaomola mosiyana akakhala ndi alendo. Kulimba nakonso kumasintha zinthu, pakuti nsima yolimba ili ndi ufa wambiri pa kulemera komweko kuposa yofewa. Madzi alibe kabohaidireti, yense amachokera mu ufa, ndiye tasiya kufunsa kuti mtanda uli ndi magalamu angati, tayamba kuyeza ufa.

Ndondomeko yomwe takhazikitsa ndi iyi. Ikani ufa m'beseni n'kuyeza pa sikelo ya kukhitchini musanayambe kuphika. Ufa wonse uzichokera m'beseni limenelo, wa phala loyambira ndi wothira povundula womwe. Mukamaliza yezani wotsala n'kuchotsera, kuti mudziwe umene walowa mumphika. Ufa wa chimanga tikuuwerengera magalamu 75 a kabohaidireti pa magalamu 100 aliwonse. Kenako yezani mitanda yonse mutaomola.

Chitsanzo cholowa m'buku lophunzitsira: ufa wa magalamu 500 uli ndi magalamu 375 a kabohaidireti. Ukatulutsa nsima yolimba yolemera magalamu 1,500, ndiye kuti magalamu 100 aliwonse a nsimayo ali ndi 25. Ufa womwewo ukaphikidwa mofewa n'kutulutsa magalamu 1,900, magalamu 100 amakhala ndi 20. Mtanda wa magalamu 200 ndiye uli ndi 50 kapena 40, ndipo munthu wodya mitanda iwiri akhoza kuphonya ndi magalamu 20 pa kulimba kokha, tisanakambe za kukula kwa chipande. Mtanda wa magalamu 150 wa nsima yolimba uli ndi 38, wa magalamu 250 uli ndi 63.

Magalamu 20 si ochepa. Wofufuza Carmel Smart ndi anzake ku Australia anaonetsa mwa ana obaya insulin kangapo pa tsiku kuti kuphonya ndi magalamu 10 sikusintha kwenikweni shuga wa pambuyo pa chakudya, koma kuphonya ndi magalamu 20 kumaonekera, makamaka pogwetsa shuga ngati insulin wachuluka kuposa chakudya. Tatenga zimenezi ngati malire a ntchito yathu. Sitikufuna kuti munthu azivutika ndi galamu imodzi, tikufuna asamaphonye kupitirira 10.

Zolakwika zomwe zaoneka poyeserera ndi zing'onozing'ono koma zimabwerezabwereza. Wophika amatapa ufa wowonjezera m'thumba chifukwa cha chizolowezi, osati m'beseni loyezedwa. Ena amayeza mtanda pamodzi ndi mbale osachotsera kulemera kwa mbaleyo. Nkhoko zotsala mumphika zimachotsako ufa pang'ono, ndipo pamphika waukulu sizisintha masamu, koma mwana wodwala shuga akamakokota nkhokozo aziziwerengera ngati chakudya.

Nyumba zambiri zilibe sikelo, ndipo sitikuyembekezera kuti agule. Chomwe tikupempha n'choti abwere ku kiliniki kamodzi ndi kapu yomwe amatapira ufa, chipande chawo, ndi mtanda umodzi wophikidwa monga amaphikira masiku onse. Tiyeza zitatuzi n'kulemba pa khadi kuti “mtanda wa kwanu ndi magalamu akutiakuti”. Kuyambira pamenepo munthu amangowerenga mitanda. Kuyerekeza ndi chibakera takusiya ngati njira ya paulendo ndi pamaliro, ndipo chikhale chibakera cha mwini wake chomwe tachiyerekezapo kale ndi mtanda woyezedwa.

Pamene banja limadyera m'mbale imodzi, wodwala aziyamba wapatula mitanda yake pambale yakeyake. Mbamu siziwerengeka, ndipo munthu akamacheza sadziwa kuti wadya zingati.

Pa mgaiwa pali chikhulupiriro choti sukweza shuga. Umakweza. Uli ndi gaga wambiri, zomwe ndi zabwino m'thupi ndipo zimachepetsako magalamu pang'ono, koma kusiyanako n'kochepa kuposa kusiyana kwa chipande ndi chipande. Pa khadi mgaiwa ndi ufa woyera zili pamzere umodzi. Ufa wa kondowole ndiwo tauika padera, chifukwa umapitirira magalamu 80 pa 100.

Sabata 3

Zakudya zina zayenda msanga chifukwa manambala ake ndi odziwika, ndipo tikuwatsimikiza ndi Malawian Food Composition Table ya 2019 tisanasindikize. Pa magalamu 100, mpunga wophika uli ndi pafupifupi 28, mbatata yophika 20, mbatatesi yophika 17 mpaka 20, chinangwa chosaphika 38, nthochi yosenda 20, mnofu wa mango 15. Buledi ndi pafupifupi theka la kulemera kwake, kotero kagawo ka magalamu 30 kali ndi 15. Mkaka uli ndi 5 pa mamililita 100. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi pafupifupi 32.

Shuga wa mu tiyi ndi mu phala amaiwalika kawirikawiri. Supuni yaing'ono yopanda msonga ndi magalamu 4, koma pafupifupi aliyense amatapa yodzaza ndi msonga, yomwe imatha kufika 6 kapena kuposa. Phala la ufa wa magalamu 40 lili ndi 30, ndipo masupuni atatu a shuga amalifikitsa pa 42 mpaka 48.

Zosawerengera tazilemba ndi maina ake kuti pasakhale kukayika: mpiru, nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, kabichi, usipa, matemba, chambo, nyama, mazira. Nsinjiro zotendera ndiwo nazonso sitikuziwerengera.

Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zatitengera nthawi. Zili ndi kabohaidireti, pafupifupi magalamu 20 pa 100 zikaphikidwa, koma zimalowa m'magazi pang'onopang'ono kwambiri, ndipo kubaya insulin wa magalamu onsewo kumatha kugwetsa shuga nyembazo zisanagayike. Tagwirizana kuti zikakhala ndiwo zapambali zisawerengedwe, zikakhala mbale yodzaza awerengere theka, kenako buku la munthuyo litiuze ngati zikumukwanira.

Mandasi, zitumbuwa ndi chigumu tiziwerengera kuchokera pa zosakaniza. Ufa wa tirigu wa kilogalamu imodzi ndi shuga wa magalamu 200 ndi pafupifupi magalamu 950, ndipo akatuluka mandasi 40 ndiye kuti lililonse lili ndi 24. Ogula pamsewu amasiyana kukula, choncho pa khadi tijambula atatu, laling'ono, lapakati ndi lalikulu.

Thobwa lakanika kulipatsa nambala imodzi. Aliyense amafulula mwake, chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga wolowa msanga, ndipo ambiri amathiramo shuga winanso. Pakali pano pa khadi palembedwa kuti kapu imodzi yaing'ono pamodzi ndi chakudya, osati yomwera ludzu masana.

Pa zakudya za m'mapaketi cholakwika chachikulu n'kuwerenga mzere wa “of which sugars” m'malo mwa “carbohydrate”, ndi kusokoneza nambala ya magalamu 100 ndi ya paketi yonse.

Sabata 4

Talowa m'masamu a insulin. Pa khadi pakhala manambala awiri a munthu, ndipo loyamba talitcha nambala ya chakudya, kutanthauza magalamu a kabohaidireti amene yuniti imodzi imakwanitsa.

Poyambira timaphatikiza mayunitsi onse amene munthu amabaya pa tsiku, wokhalitsa ndi wachangu. Wa soluble timagawa 450 ndi nambala imeneyo, wa insulin wachangu kwambiri timagawa 500. Munthu wa mayunitsi 45 pa tsiku, wobaya soluble, amayamba ndi yuniti imodzi pa magalamu 10.

Masamuwa amadalira kuti mayunitsi a pa tsikuwo ndi omuyenera kale. Ngati shuga wake amakhala pamwamba tsiku lonse, mayunitsiwo ndi ochepa ndipo nambala yotulukayo ikhala yofooka. Ngati amagwa shuga kawirikawiri, ndi ochuluka ndipo nambalayo ikhala yoopsa. Timayerekezanso ndi sikelo ya thupi: ambiri amafuna pakati pa theka la yuniti ndi yuniti imodzi pa kilogalamu pa tsiku, achinyamata otha msinkhu amapitirira pamenepo, ndipo amene angopezeka kumene ndi matendawa nthawi zina amafuna ochepa kwa miyezi ingapo. Nambala ikapatuka kwambiri pamenepa, tiyambe tafufuza chifukwa chake.

Nambala ya chakudya siikhala imodzi tsiku lonse. M'mawa thupi limakana insulin kwambiri, ndiye ambiri amafuna mayunitsi ochulukirapo pa phala kuposa pa nsima ya masana ya magalamu omwewo, ndipo kwa ana aang'ono zimaonekera kwambiri. Khadi likhala ndi mabokosi atatu, m'mawa, masana ndi madzulo.

Pali msampha wina kwa obaya insulin wokhalitsa wotchedwa NPH, monga Insulatard, m'mawa. Mphamvu yake imakwera pakati pa maola 4 ndi 12, zomwe zikutanthauza kuti imakumana ndi nkhomaliro n'kugwira mbali ina ya ntchito ya chakudyacho. Munthu wotere akabaya soluble wathunthu masana malinga ndi masamu, shuga amagwa chakumadzulo. Bokosi lake la masana lizidzazidwa ndi dokotala atawona mlingo wa NPH wa m'mawawo.

Poyeserera kuphunzitsa taona kuti anthu amasokonezeka ndi chinthu chimodzi: nambala ikachepa, insulin amachuluka. Kuchoka pa 10 kupita pa 8 n'kuwonjeza insulin, pakuti magalamu 80 amachoka pa mayunitsi 8 kufika pa 10. Talemba zimenezi pansi pa mabokosiwo ndi zilembo zikuluzikulu.

Sabata 5

Nambala yachiwiri taitcha nambala yotsitsira, kutanthauza kuti yuniti imodzi imatsitsa shuga ndi zingati. Wa soluble timagawa 1,500 ndi mayunitsi a pa tsiku, wa wachangu kwambiri 1,800. Kwa munthu wathu wa mayunitsi 45 zikutuluka 33 mg/dL (muyezo wa shuga m'magazi) pa yuniti. Chandamale asanadye tachiika pa 120 mg/dL poyambira, ndipo dokotala akhoza kuchikweza kwa mwana wamng'ono kapena kwa munthu amene samva zizindikiro shuga akamatsika.

Chitsanzo chathunthu: nkhomaliro ndi mitanda iwiri ya magalamu 200 ya nsima yolimba, nkhwani zotendera ndi usipa. Kabohaidireti ndi magalamu 100, kugawa ndi 10, mayunitsi 10. Kamakina koyezera shuga kawonetsa 220. Kuchotsa 120 kutsala 100, kugawa ndi 33, mayunitsi 3. Abaye 13. Kakanawonetsa 85, ndiye kuti ali pansi pa chandamale ndi 35, achotse yuniti imodzi n'kubaya 9. Kakawonetsa pansi pa 70, masamu ayambe adikira. Amwe magalamu 15 a shuga wolowa msanga, monga masupuni aang'ono 3 kapena 4 osungunula m'madzi kapena theka la botolo la Coca-Cola, ayezenso pakatha mphindi 15, akakwera ndiye abaye wa chakudya chokha n'kudya nthawi yomweyo. Kwa mwana timawerengera magalamu 0.3 a shuga pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake.

Choopsa kwambiri chomwe tapeza sabata ino ndi timakina toyezera. Tina timawerenga mu mg/dL, tina mu mmol/L, makamaka totumizidwa ndi abale a ku South Africa ndi ku Britain. 1 mmol/L ndi 18 mg/dL. Munthu wa kamakina ka mmol/L akaona 18, shuga wake ndi 324 mg/dL, koma akagwiritsa khadi la mg/dL masamu amuuza kuti ali pansi pa chandamale, achepetse insulin. Mbali inayo ndi yoipa kuposa apa: 220 pa khadi la mmol/L amatulutsa mayunitsi oposa 100. Ndiye makhadi akhala awiri amitundu yosiyana, ndipo namwino asapereke khadi asanagwire kamakinako m'manja n'kuona kamene kamalemba. Pa khadi la mmol/L timagawa 83 kwa soluble ndi 100 kwa wachangu kwambiri, m'malo mwa 1,500 ndi 1,800. Taikanso bokosi la mayunitsi apamwamba amene munthuyo sayenera kupitirira pa kubaya kumodzi, kuti masamu akasokonekera pakhale chomuimitsa.

Lamulo linanso: wa soluble asabaye wotsitsira pasanathe maola 4 chibayireni. Amene anabaya kale uja akadali kugwira ntchito, ndipo kuunjika wina pamwamba pake ndi njira yodziwika yogwetsera shuga. Pogona, wotsitsira asabayidwe pokhapokha dokotala atalemba mlingo wake pa khadi.

Sabata 6

Masamu akhoza kutulutsa mayunitsi 7 ndi theka, koma sirinji ndi imene ili ndi mawu omaliza. Ya mililita imodzi nthawi zambiri mzere uliwonse ndi mayunitsi 2, pomwe ya 0.5 ndi ya 0.3 mzere ndi yuniti imodzi. Amene amawerenga mizere m'malo mwa manambala amabaya mlingo wowirikiza kawiri akamusinthira ku sirinji ya mililita imodzi. Kwa ana tikupempha ya 0.3. Nambala ikagwera pakati, atsikire pansi ngati ndi madzulo kapena akupita kukagwira ntchito yolemetsa.

Aonenso kuti sirinji ndi botolo zonse zalembedwa U-100, kutanthauza mayunitsi 100 pa mililita imodzi. Kukoka insulin wa U-100 mpaka pa 10 mu sirinji ya U-40 (ya mayunitsi 40 pa mililita) ndi kubaya mayunitsi 25.

Soluble amafuna kubayidwa mphindi 30 chakudya chisanafike, ndipo m'nyumba zambiri simukhala wotchi kukhitchini. Chizindikiro chomwe tagwirizana ndi ichi: ndiwo zikhale zitapsa kale, phala la nsima likhale likuwira pamoto, ndiye abaye. Asabaye ufa usanabwere kuchigayo kapena moto usanakoledwe. Kuukwati ndi kumaliro, kumene chakudya chimachedwa mosadziwika, adikire mpaka mbale ioneke. Mwana akabayidwa n'kukana kumaliza, magalamu otsalawo abwezeredwe ndi nthochi, mkaka kapena buledi.

Osakaniza mu sirinji imodzi ayambe kukoka soluble, wooneka ngati madzi, kenako NPH, wooneka ngati mkaka, atamugubuduza m'manja mpaka asakanikirane bwino. Sitilemba “wamadzi” pa khadi ngati dzina la wachangu, chifukwa glargine nayenso ndi woyera ngati madzi koma ndi wokhalitsa.

Sabata 7

Nambala yochokera m'masamu iyenera kuyesedwa, ndipo vuto ndi timapepala toyezera, tomwe ndi todula ndipo sitikwanira. Takonza njira yoti timapepala tochepa tiziyankha funso limodzi pa nthawi.

Munthu asankhe chakudya chimodzi, tinene nkhomaliro, n'kuchitsata masiku atatu. Chikhale chodziwika magalamu, chopanda mafuta ambiri. Tsikulo asakhale atagwa shuga, asakhale akudwala, asakhale ndi ntchito yolemetsa, ndipo shuga asanadye akhale pakati pa 80 ndi 150 kuti pasafunike wotsitsira. Ayeze asanadye, ayezenso pakatha maola 4 kapena 5 osadya kanthu pakati. Masiku atatu ndi timapepala 6. Shuga akabwerera pafupi ndi pomwe anayambira, osasiyana kupitirira 40 mg/dL, nambalayo ili bwino. Akakwera masiku onse atatu, tichepetse nambala ya chakudya, mwachitsanzo kuchoka pa 10 kupita pa 9 kapena 8. Akatsika kwambiri tiikweze, ndipo ngati wagwa pansi pa 70 popanda chifukwa chodziwika sitidikira masiku atatu.

Kwa wa soluble, kuyeza pakatha maola 2 kumanamiza. Nsima imakhala italowa kale pomwe insulin sanafike pachimake, nambala imaoneka yokwera, munthu amawonjeza mlingo, kenako amagwa pa ola lachinayi. Shuga akakwera pa maola 2 koma n'kubwerera bwino pa maola 5, mlingo uli bwino, chofunika n'kubaya moyambirira kapena kuchepetsako mitanda n'kuwonjeza ndiwo.

Zonsezi zimafuna kuti wokhalitsa akhale woyenera kaye. Ngati shuga wa pogona ndi wa podzuka akusiyana kwambiri, tikonze zimenezo tisanakhudze nambala ya chakudya. Tisinthe chinthu chimodzi pa nthawi.

Sabata 8

Kuseri kwa khadi kukhala zinthu zomwe zimasokoneza masamu ngakhale magalamu atawerengedwa bwino.

Khasu ndi loyamba. Kulima, kupalasa njinga mtunda wautali, kutunga madzi ndi mpira zimatsitsa shuga nthawi yomweyo komanso usiku wotsatira. Ngati ntchitoyo ikubwera chakudya chitangotha, mlingo wa chakudyacho uchepe ndi gawo limodzi la magawo anayi mpaka theka, malinga ndi kulemera kwa ntchito, ndipo shuga wa m'kapepala azikhala m'thumba kumunda. Asabaye pantchafu akamapita kukapalasa njinga, chifukwa mnofu wogwira ntchito umakoka insulin msanga.

Zamafuta monga tchipisi cha pachiwaya, mandasi ndi futali wa nsinjiro zambiri zimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo shuga amakwera mochedwa, pakatha maola 3 mpaka 5. Apa soluble amathandizako chifukwa amakhalitsa. Mowa umaletsa chiwindi kutulutsa shuga, kotero munthu amatha kugwa usiku kapena m'mawa mwake, ngakhale masese atamukweza poyamba. Asabayire mowa insulin, ndipo asagone osadya.

Akadwala malungo kapena matenda ena otenthetsa thupi, shuga nthawi zambiri amakwera ngakhale sakudya. Wokhalitsa asasiyidwe. Shuga akapitirira 250 ayeze ma ketone (asidi amene amachuluka m'magazi thupi likasowa insulin) ngati ali ndi poyezera, ndipo akamasanza, kumva m'mimba kupweteka kapena kupuma mwamphamvu athamangire kuchipatala. Wopatsidwa quinine ayezedwe pafupipafupi chifukwa mankhwalawo amatsitsa shuga.

Miyezi ya njala tailembera mzere wakewake. Chakudya chikadumphidwa, soluble wa chakudyacho adumphidwenso, ndipo apa m'pamene kuwerengera kumateteza munthu kuposa mlingo wosasintha. Koma NPH amagwirabe ntchito kaya munthu wadya kapena ayi, ndiye banja likayamba kudya kamodzi pa tsiku abwere ku kiliniki mlingo wa wokhalitsa uonedwenso.

Manambala akayamba kusamveka popanda chifukwa, namwino agwire pamimba ndi pantchafu. Kubaya pamalo amodzi kumapanga zotupa zamafuta pansi pa khungu, ndipo insulin wobayidwa mmenemo amalowa mosadalirika, lero pang'ono mawa wambiri. Posamukira pakhungu labwino mlingo uyambe wachepetsedwa. Aonenso botolo. Lotsegula ligwiritsidwe ntchito mkati mwa masabata 4, lisungidwe pamthunzi, monga mumtsuko wokhala mumchenga wonyowa, ndipo lisaume mufiriji. Kafukufuku wa bungwe la madokotala la MSF ndi University of Geneva wa 2021 anapeza kuti insulin amasunga mphamvu yake kwa masabata 4 pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Soluble akasiya kuoneka woyera ngati madzi, kapena NPH akakhala ndi timibulu tosasungunuka, atayidwe.

Sabata 9

Khadi lafika poti n'kuliyesa. Kutsogolo kuli mtundu wa insulin, muyezo wa kamakina, manambala atatu a chakudya, nambala yotsitsira, chandamale, mayunitsi apamwamba, ndi magalamu a mtanda wa kunyumba. Kwa amene kugawa kumawavuta, namwino azilemba mayankho okonzeka kale, mtanda umodzi mayunitsi akuti, umodzi ndi theka akuti, iwiri akuti, ndi mizere inayi ya wotsitsira malinga ndi pamene shuga wafika.

Zatsala ndi kuyeza chimanga chootcha ndi chophika, mzimbe ndi maungu, kufulula thobwa lathu la zosakaniza zoyezedwa kuti tipeze nambala ya kapu imodzi, ndi kulemba pepala la aphunzitsi la ana amene amadya phala kusukulu. Sabata yamawa anamwino awiri omwe sanakhale nawo m'gululi apatsidwa khadi ndi mbale zisanu zoyezedwa kale, kuti tione ngati afike pa mayunitsi ofanana popanda wina kuwalongosolera.